Mwana Wobadwa Masiku Osakwana Akafika Pakhomo: Mmene Banja Lingamusamalire

Tsiku limene anamwino anena kuti "mawa mukutuluka" limakhala lachimwemwe, koma usiku wake amayi ambiri sagona. Kuwodi kunali sikelo, kunali wokukumbutsani kuti nthawi yomwetsa yakwana, kunali wothamangira mwana akasintha mapumidwe. Kunyumba kuli mphasa, tochi, ana ena olira phala, ndi kamwana kosakwana mapaketi awiri a shuga.

Pa zaka zimene ndakhala ndikuyendera mabanja otere, ndaona kuti ana ambiri amene amabwezedwa kuchipatala sabwerera chifukwa choti amayi awo sanamve malangizo. Amayi amatuluka atamva zonse bwinobwino. Vuto n'lakuti akafika pakhomo amasiyidwa okha. Yemweyo abereke mwana pachifuwa usana ndi usiku, yemweyo akatunge madzi, aphike, achape matewera. Pofika tsiku lachinayi mwana wagonekedwa pamphasa kuti ntchito iyende, ndipo chisanu chayamba kumulowa. N'chifukwa chake malangizo awa ndikulembera nyumba yonse: bambo, agogo, azakhali, apongozi, aliyense wodya nsima pakhomopo.

Mwana amene tikunena ndi wobadwa mimba isanakwane masabata 37, kapena wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5. Zambiri zikhudzanso mapasa, mwana amene anadwala atangobadwa, ndi mwana amene mayi ake akudwala kapena anatisiya. Ana otere ndi ambiri kwathu kuno. Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ndi anzake la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, ndi ana pafupifupi 18 pa 100 alionse obadwa masiku osakwana. Malungo, kuchepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi, mapasa, kutenga mimba uli wamng'ono, zonsezi zimachititsa, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake sichidziwika n'komwe. Nkhani yolozana zala kuti wina wachita zamatsenga kapena mayi anayenda molakwika isiyeni panja.

Choyamba: musanatuluke pageti la chipatala

Musatuluke musanachite ndi manja anu zinthu zitatu anamwino akuonerera: kumanga mwana pachifuwa, kufinya mkaka, ndi kumwetsa ndi kapu. Amene adzathandize kunyumba naye achite, osangoima pambali. Bambo amene wamangapo mwana kamodzi pamaso pa anamwino sachita mantha kunyumba.

Tsegulani buku la mwana muone ngati mwalembedwa kulemera kwake pobadwa, kulemera kwa tsiku lotuluka, ndi tsiku lobweranso kusikelo. Funsani kuchuluka kwa mkaka woti azimwa pa nthawi imodzi, ndipo pemphani kapu ya manambala kapena jakisoni wopanda singano woyezera. Ngati mwapatsidwa mankhwala, monga owonjezera magazi, kapena nevirapine ndi ena oteteza mwana wa mayi amene ali ndi HIV, muyeze mlingo wake pomwepo akuoneni. Safunsa anadya phula.

Ulendo wa kunyumba mwana auyende ali pachifuwa, khungu ndi khungu. M'minibasi pewani mpando wa pawindo, ndipo pakabaza valani juzi pamwamba pa chitenje.

Chachiwiri: gawanani ntchito tsiku lomwelo

Khalani pansi usiku woyamba mugwirizane. Ndani adzatunga madzi ndi kuphika kwa mwezi wonse? Ndani adzalandira mwana pachifuwa mayi akapita kubafa kapena akafuna kugona tulo tenitweni? Pafunika zifuwa ziwiri kapena zitatu, ndipo aliyense adziwe nthawi yake. M'nyumba zina bambo amatenga m'bandakucha ndi madzulo akaweruka, agogo masana, mayi usiku chifukwa choyamwitsa.

Ikani padera ndalama ya ulendo wadzidzidzi, ngakhale yokongola kubanki m'khonde, ndipo isakhudzidwe. Sungani nambala ya wakabaza kapena wagalimoto amene amayankha foni usiku.

Tumani munthu akadziwitse alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti mwafika ndi mwana wamng'ono. Musaganize kuti amva okha. Cholinga cha boma n'chakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, koma m'madera ambiri amakhala ndi ochuluka kuposa pamenepo, ndipo khomo limene silinaitane limatha kudumphidwa.

Chachitatu: kangaroo, kubereka mwana pachifuwa khungu ndi khungu

Apa ndi pamene pagona moyo wa mwanayu, ndiye ndichedwapo.

Mwana wobadwa masiku osakwana alibe mafuta okwanira pansi pa khungu. Mungamukulunge mabulangete atatu, adzazizirabe, chifukwa bulangete limangosunga kutentha kumene thupi lapanga, ndipo thupi lake silipanga kokwanira. Akazizira amawotcha mkaka wonse umene wamwa pofuna kudzitenthetsa, ndiye sakula, amafooka, amaleka kuyamwa, matenda n'kupeza polowera. Chifuwa cha munthu wamkulu chimamupatsa kutentha kopanga kale.

Njirayi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, pamene Dr Edgar Rey anaona kuti makina ofunditsira ana achepa. Kuno inayamba pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Kafukufuku amene anachitika ku Malawi, Tanzania, Ghana, Nigeria ndi India, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anapeza kuti kuyamba kangaroo mwana atangobadwa kunachepetsa imfa za ana olemera pakati pa kilogalamu 1 ndi 1.8 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mbali ya kwathu inachitikira ku Gulupu, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ndatchula izi kuti wina akakusekani kuti mwana saberekedwa kutsogolo, mukhale ndi choyankha.

Kamangidwe kake ndi aka. Sambani m'manja. Mwana avale thewera, chipewa ndi masokosi basi. Inu muvule malaya ndi kamisolo. Muimikeni pakati pa mabere, chifuwa chake chikhudze chanu, miyendo itapindika ngati ya chule, manja atapindikira m'mwamba. Mutu uyang'ane mbali imodzi, chibwano chitakwera pang'ono kuti njira ya mpweya itseguke. Chibwano chikagwera pachifuwa chake amabanika. Wina akuthandizeni kukulunga chitenje: m'mphepete mwake mwa m'mwamba mudutse m'munsi mwa khutu la mwana kuti mugwire mutu, ndipo mfundo imangidwe kumsana kwanu. Chitenje chigwire zolimba pamsana ndi pachifuwa cha mwana, koma pamimba pasathine, chifukwa khanda limapumira kumimba. Yesani kuwerama pang'ono dzanja lili pamatako ake. Akaterereka, masulani mumangenso. Pamwamba valani malaya otsegula kutsogolo kapena juzi, koma nkhope yake izioneka nthawi zonse mukayang'ana pansi.

Bungwe la WHO limati maola 8 mpaka 24 pa tsiku, ndipo kuchulukitsa maola ndiye kwabwino. Ine ndimauza mabanja kuti mwana achoke pachifuwa posintha thewera ndi pomwetsa ndi kapu basi. Mukamuika, musamuchotse ola lisanathe, chifukwa kumusuntha pafupipafupi kumamutopetsa.

Usiku ndi umene umavuta. Musagone chafufumimba kapena chammbali mwana ali pachifuwa. Gonani motsamira, msana utakwera. Ngati mulibe mapilo, thumba la chimanga lofunditsidwa bulangete limagwira ntchito, ndipo ndaona ena akutsamira mpando wogwetsedwa chammbali. Nonse mulowe m'neti. Masiku oyamba msana umawawa, n'zoona, ndipo apa mpamene wolandira amafunikira.

Bambo, chifuwa chanu n'chotentha ngati cha akazi anu. Anzanu a pabawo adzaseka sabata imodzi, kenako adzazolowera. Koma tsiku limene mwamwako mowa, ngakhale pang'ono, musamutenge, chifukwa tulo ta mowa satimva mwana akabanika. Wosuta fodya, wodwala chifuwa, wotsegula m'mimba kapena wa zilonda pakhungu nayenso adikire. Mayi akagwidwa chimfine apitirize kuyamwitsa ndi kubereka, atavala masiki ndi kusamba m'manja pafupipafupi.

Mapasa akhoza kukhala onse pachifuwa chimodzi, wina mbali iyi wina mbali iyo, koma kumapepuka wina akakhala kwa mayi wina kwa agogo, n'kumasinthana.

Tsiku lililonse, kangapo, gwirani mapazi a mwana ndi kuseri kwa dzanja lanu, kenako mimba. Zonse zikhale zofunda. Mapazi akazizira mimba ili yofunda, muikeni khungu ndi khungu, fundani nonse, muyamwitseni, muonenso pakatha ola. Ngati sakusintha, kapena mimba nayo yazizira, nyamukani. Amene muli ndi kachipangizo koyezera kutentha, ikani kukhwapa: pabwino ndi pakati pa 36.5 ndi 37.5.

Mu Juni ndi Julayi, makamaka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzimba ndi kumapiri a Thyolo chiperoni chikagwa, anthu amalowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka zitseko. Musatero. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, ndipo khanda ndilo limayamba kugonja. Botolo la madzi otentha nalonso ayi. Khungu lake n'lopyapyala ndipo limapsa iye osalira n'komwe. Tsekani mipata yolowa mphepo ndi nsanza, kutentha kuchokere kwa munthu.

Chachinayi: mkaka

Mwana wamng'ono samadzuka yekha kulira njala. Amagona, ndipo apongozi amamuyamikira kuti ndi wofatsa. Musadikire kuti alire. Mudzutseni maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe, kuti pa tsiku adye kosachepera ka 8, wamng'ono kwambiri mpaka ka 12. Tchani alamu pafoni. Pomudzutsa, masulani chitenje, musinthe thewera, musisite kumapazi, mudonthezere mkaka pamilomo.

Yambani ndi bere. Mugwirizire mutu ndi khosi, mimba yake ikhudze yanu, dikirani ayasamule kwambiri kenako mumubweretse kubere. Akagwira bwino, chibwano chimakhudza bere, mlomo wa m'munsi umapindikira kunja, ndipo mbali yakuda ya bere yambiri imakhala m'kamwa. Ana amenewa amayamwa kanayi kapena kasanu, n'kupuma nthawi yaitali, n'kuyambanso. Musamuchotse popuma poganiza kuti wakhuta. Akatopa asanamalize, otsalawo mumupatse ndi kapu.

Pofinya, sambani m'manja ndi sopo, ndipo kapu muitsuke n'kuithira madzi owira. Sisitani bere pang'ono. Ikani chala chachikulu pamwamba pa mbali yakuda, cholozera pansi pake, kankhirani zalazo kumbuyo cha kuchifuwa, kenako zipanikizeni pamodzi, masulani, bwerezani. Musakoke nsonga ya bere, mudzangodzipweteka. Zungulirani bere lonse, mphindi zitatu mpaka zisanu, pitani ku linalo, bwererani, mpaka mphindi 20 kapena 30. Mkaka umatuluka bwino mwana akakhala pachifuwa kapena pafupi pomuona. Wofinyawo, utavundikiridwa pamalo ozizira m'nyumba, umwedwe maola anayi asanathe. Nthawi yotentha ya Okutobala ndi bwino kufinya wa nthawi yomweyo.

Pomwetsa, mwana akhale maso, mutamukhazika chotsamira padzanja lanu. Kapu ikhale pamlomo wa m'munsi, muipendeketse mpaka mkaka ungokhudza milomo. Iye azinyambita yekha ndi lilime. Musathire mkaka m'kamwa, angatsamwe n'kulowa m'mapapo. Ntchitoyi imafuna kudekha, ndipo agogo ambiri amaichita bwino kuposa ife anamwino. Akatseka pakamwa, mugonekeni paphewa abyukule, muyesenso.

Mlingo tsatani umene anakuuzani kuchipatala, ndipo umakwera mwana akamakula. Kuti mukhale ndi chithunzi, mwana amene wapyola sabata yoyamba amafuna mamililita 150 mpaka 180 pa kilogalamu iliyonse pa tsiku. Wa makilogalamu 2 amene akumwa ndi kapu yokha, kasanu n'katatu pa tsiku, ndiye kuti mamililita 38 mpaka 45 nthawi iliyonse. Mudzadziwa kuti akukwana akamanyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa tsiku, mkodzo wake wosada.

Botolo la nsonga ya mphira lisiyeni. N'lovuta kutsuka, ndipo mwana akalizolowera amakana bere. Madzi, dawale, tiyi, madzi a shuga, mankhwala azitsamba omwetsa khanda, zonsezi ayi mpaka miyezi 6. Agogo, ndikudziwa kuti ana anu onse munawalera choncho ndipo anakula. Koma uyu matumbo ake sanakhwime, ndipo kamimba kake kakadzaza madzi, mkaka usowa pokhala. Ngati mayi palibe kapena sangathe kuyamwitsa, musagule mkaka wa m'chitini mwa nokha. Pitani kuchipatala akuuzeni woyenera ndi kasungunulidwe kake. Mkaka wa ng'ombe kapena wa ufa wothira mutiyi si wa khanda.

Chachisanu: manja, mchombo ndi alendo

Mwambo wa chikuta uli kumbali yathu pa nkhani iyi. Makolo ankadziwa kuti khanda silionetsedwa kwa aliyense. Kwa mwana wamng'ono chikutacho chitalikitseni mpaka atakwana makilogalamu 2.5. Obwera ndi ufa, sopo ndi nkhuni alandireni pakhonde, aone nkhope ali pachifuwa, osamulandira m'manja kapena kumupsompsona. Wina akakwiya, nenani kuti ndi lamulo la kuchipatala, mlandu ugwere ife. Chikuta chisakuletseni chinthu chimodzi chokha: kupita kusikelo kapena kuchipatala, ngakhale mchombo usanagwe.

Pakhomo la chipinda pakhale ndowa ya madzi ndi sopo. Aliyense asambe m'manja asanagwire mwana, mukasintha thewera, ndi pochokera kuchimbudzi. Ngati m'nyumbamo muli wotsokomola kwa masabata awiri kapena amene akumwa mankhwala a TB, auzeni achipatala msanga, chifukwa mwana angafunike mankhwala omuteteza.

Musamusambitse m'beseni akadali wamng'ono chonchi. Mupukuteni ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda, masana dzuwa litakwera, chitseko chotseka. Pukutani nkhope, khosi, m'khwapa ndi m'matako, mbali imodzi imodzi, kuumitsa pomwepo, n'kumubwezera pachifuwa. Zitsamba zosambitsa kuti mwana alimbe zidikire. Chimene chimamulimbitsa pano ndi mkaka.

Mchombo ukhale wouma ndi wosaphimbidwa, thewera lipindidwe m'munsi mwake. Phulusa, mwaye, mafuta, madzi a masamba, zonsezi zimalowetsa tizilombo, kuphatikizapo kafumbata. Ngati anakupatsani mankhwala opha tizilombo otchedwa chlorhexidine, pakani pamchombo pokha monga anakuuzirani, ndipo musunge kutali ndi mankhwala a m'maso, chifukwa akalowa m'diso amawononga. Mchombo umagwa wokha, kawirikawiri m'sabata imodzi kapena ziwiri. Liwombo nalo lisiyeni. Kugunda kwake n'kwachibadwa ndipo silifuna mankhwala opaka. Likalowa m'kati ndiye kuti mwana akuchepa madzi m'thupi. Likatupa n'kulimba ndi matenda oopsa. Zonse ziwiri n'za kuchipatala.

Chachisanu n'chimodzi: alangizi kapena anamwino akabwera

Ndondomeko ya WHO imati mayi ndi khanda aonedwe m'maola 24 oyamba, tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndi pa masabata 6. Mwana wamng'ono amafuna kuonedwa koposa apo, ndiye gwirizanani ndi alangizi masiku ake.

Pezani kope la sukulu. Pa tsiku lililonse jambulani kamzere nthawi iliyonse mwana wadya, kamzere kena pa thewera lonyowa, ndi maola amene anakhala pachifuwa. Mwana wa Sitandade 6 akhoza kukhala mlembi wake. Kope limeneli limandiuza zambiri kuposa funso lakuti "akuyamwa bwanji?", limene aliyense amayankha kuti "bwinobwino" pofuna ulemu.

Wobwerayo ayenera kusamba m'manja, kuwerenga mapumidwe a mwana, kuyeza kutentha, kuona mchombo, maso ndi khungu, kuonerera mukuyamwitsa, ndi kufunsa za thanzi la mayi. Akakhala ndi sikelo amuyeze. Musabise kanthu. Ngati mwana anamwetsedwa mankhwala achikuda, nenani, sitinabwere kudzazenga mlandu. Ndikukumbuka khomo lina kumene onse ananditsimikizira kuti kangaroo ikuyenda usana ndi usiku, koma chitenje chomangira chinali chopindidwa bwinobwino pachingwe ndipo mapazi a mwana anali ozizira. Titakhala pansi, zinapezeka kuti mayi anali ndi bala la opaleshoni lomwe linkawawa, ndipo ankachita manyazi kunena pamaso pa apongozi. Mlamu wake anayamba kubereka mwanayo tsiku lomwelo.

Pa mafunso osafulumira pali Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Nambala yake funsani kwa alangizi a zaumoyo.

Chachisanu n'chiwiri: zizindikiro zoti munyamuke pompo

Khanda laling'ono silidwala pang'onopang'ono. M'mawa likhoza kuoneka bwino, madzulo lili kayakaya. Mukaona chimodzi mwa izi musadikire kuche, musadikire bambo abwere, musayambe mwapita kwa asing'anga kapena kugolosale kukagula panado:

Wasiya kuyamwa, kapena wakana kawiri motsatizana, kapena akusanza chilichonse, makamaka zobiriwira, mimba itatupa. Walefuka, akungosuntha mukamugwedeza, kapena sakusuntha n'komwe. Akupuma mofulumira, ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi. Werengani mphindi yathunthu ndi wotchi ya pafoni iye ali phee, ndipo mubwereze kuti mutsimikize. Pansi pa nthiti pakulowa kwambiri akamakoka mpweya, kapena akubuula popuma. Thupi latentha kufika 37.5 kapena kuposa, kapena lazizira pansi pa 35.5. Akukomoka, mwa khanda izi zimatha kungooneka ngati kuphethira kosalekeza, maso kuyang'ana kumodzi, kutafuna pakamwa popanda kanthu, kapena mkono umodzi kugwedezeka osaleka mukaugwira. Mchombo wafiira mpaka pakhungu la mimba, ukutuluka mafinya kapena kununkha. Maso atupa ndi mafinya, ndipo apa musathiremo mkaka wa m'mawere.

Chikasu chionereni pa kuwala kwa dzuwa, osati pa tochi. Dinani pamphumi kapena pamphuno ndi chala muone mtundu umene watsala. Mwana wobadwa masiku osakwana akaoneka wachikasu paliponse akaonedwe tsiku lomwelo, ndipo chikafika m'manja ndi kumapazi ndi ngozi, chimawononga ubongo. Kumuyanika padzuwa si mankhwala. Kuchipatala kuli magetsi ake apadera.

Ana amenewa amapuma modukizadukiza, kuima masekondi asanu kapena khumi n'kupitiriza. Zimenezo zisakuopseni. Koma akaima masekondi 20, kapena milomo ikada, musisiteni pamsana ndi kumapazi mpaka apume, kenako nyamukani ngakhale aoneke kuti wachira.

Panjira akhale pachifuwa, ndipo ngati akutha kumeza, muzimuyamwitsa kapena kumudonthezera mkaka. Tengani buku lake. Pofika musakhale pamzere: pitani kwa anamwino munene kuti muli ndi khanda lobadwa masiku osakwana ndipo lasiya kuyamwa kapena likubanika.

Chachisanu n'chitatu: mayi nayenso ndi wodwala

Maso onse amapita kwa mwana, mayi n'kuiwalika. Adye chakudya chowonjezera pa tsiku, nsima ndi ndiwo zenizeni, nyemba, usipa, mazira, masamba otendera, amwe madzi ndi thobwa nthawi iliyonse wayamwitsa, ndipo apitirize mapiritsi a magazi. Amene ali pa ma ARV asadumphe tsiku. Kutaya magazi ambiri, kutentha thupi, zotuluka kumaliseche zonunkha, mutu waukulu ndi kusaona bwino, kutupa nkhope, kupweteka kwa katumba ka mwendo umodzi, bere lofiira lotentha, izi n'zofuna chipatala tsiku lomwelo.

Pali matenda ena amene sitiwatchula. Mayi amangolira, sagona ngakhale mwana ali kwa wina, safuna kudya, amadziimba mlandu, mwina safuna n'kumuyang'ana mwanayo. Masiku ochepa oyamba zimachitikira ambiri, koma zikapyola masabata awiri, kapena akanena zodzipweteka, auzeni anamwino. Si ulesi, si kusayamika, ndipo thandizo lake lilipo. Nkhani ya kulera ikambidwe masabata 6 asanakwane. Thupi limafuna zaka ziwiri lisanatenge mimba ina, ndipo mimba zoyandikana zimawonjezera mpata wobadwanso mwana wosakwana masiku.

Chomaliza: sikelo, katemera ndi kumasula chitenje

Tsiku la sikelo lolembedwa m'buku musaliphonye, ngakhale mwana akuoneka bwino. M'masiku oyamba makanda amatsika pang'ono, n'kubwerera pa kulemera kobadwa nako pakatha masiku 10 mpaka 14. Kuchokera apo ayenera kuwonjezera magalamu 15 kapena kuposa pa kilogalamu iliyonse tsiku lililonse. Wa makilogalamu 1.8 ndiye magalamu 27 pa tsiku, pafupifupi 190 pa sabata. Akaima kapena kutsika, anamwino adzafunsa zitatu: akudya kangati, akukhala maola angati pachifuwa, ndipo kodi sakudwala. Kope lija lipite nawo.

Katemera amawerengedwa kuyambira tsiku lobadwa, osati tsiku limene akanabadwa. Ngati BCG, katemera wa TB, ndi poliyo woyamba sanalandire potuluka, funsani tsiku lake, kenako pa masabata 6, 10 ndi 14 monga ana onse. Mawu oti "ndi wamng'ono, adikire akule" ndi olakwika. Iyeyu ndi amene akufunika chitetezo kwambiri. Pa masabata 6 pomwepo mwana wa mayi amene ali ndi HIV amayezedwa magazi ndi kuyamba bakitilimu.

Kakulidwe kokha ndi komwe mumachotsera masabata amene anafulumira. Wobadwa kutatsala miyezi iwiri kuti masiku akwane, akafika miyezi 6 adzachita za mwana wa miyezi inayi, ndiye musamuyerekeze ndi wa aneba amene wayamba kale kukhala.

Kangaroo pitirizani mpaka atakwana makilogalamu 2.5 kapena achipatala atakuuzani. Kawirikawiri mwana amanena yekha cha m'masiku amene akanabadwira: mukamumanga amapalapata, amatulutsa manja ndi miyendo, amatuluka thukuta n'kulira. Zikatero chepetsani pang'onopang'ono, muyambe kumumasula masana kukatentha, usiku ndi m'mamawa akhalebe pachifuwa. Pomugoneka payekha agone chagada, pamalo olimba, m'neti, popanda pilo, nkhope yosaphimbidwa, chipewa chili kumutu ngati kukuzizira. Mukamusambitsa koyamba m'beseni, mphindi zochepa zikwana, ndipo mukamupukuta mubwezereni pakhungu panu mpaka mapazi afunde.